Alangidwe ndithu, koma chilango chake chikhudze mpando, osati chitokosi

Achimwene amene mwafunsa kuti kodi nduna, phungu, khansala kapena bwana wa m'boma akanyoza anthu aulumali pagulu azilangidwa kapena tizingoti lilime linaterereka, ndawerenga mayankho onse mpaka pansi. Ena mukuti amangidwe basi, ena mukuti dziko lino lili ndi ufulu wolankhula ndiye tisamachedwe ndi timawu. Ine ndikuti alangidwe, koma apolisi asalowepo. Pepani nditalikitsako, nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwathu.

Ndili ndi achimwene anga a bere limodzi amene anadwala poliyo ali ndi zaka 4, miyendo yonse n'kufooka. Amayenda pa njinga yopalasa ndi manja ija, ndipo inu a mu Mzuzu muno mukudziwa kuti kuchoka ku Chibavi kukafika m'tauni mvula itagwa usiku wonse si masewera. Ntchito yawo ndi yosoka nsapato, ndipo ana awo atatu aphunzira ndi singano yomweyo. Chaka china kutamveka za ngongole za mabizinezi ang'onoang'ono, ndinawaperekeza ku ofesi ina. Pakhomo panali masitepe asanu, moti tinachita kuwanyamula ine ndi mnyamata wina wa kabaza, njinga n'kuisiya panja. Titalowa, bwana wake sanawayang'ane n'komwe. Anafunsa ine: "Mayi, ameneyu akufuna chiyani? Zopemphapempha si kuno." Nditanena kuti abwera kudzalemba fomu ya ngongole, anaseka n'kuti, "Ngongole tikupatsa anthu alungalunga. Chilema chidzabweza ndi chiyani?"

Pa benchi panali anthu odikira. Ena anaseka nawo, ena anangozolika. Achimwene anapinda pepala limene analembapo mitengo ya zikopa, guluu ndi makina opalira soli, analibweza m'thumba la malaya, n'kuti, "Achemwali, tiyeni tizipita." Fomu sanalembe.

Amene mukuti awa ndi mawu chabe, taonani apa. Ku depoti munthu woledzera akawatchula achimwene kuti chilema, amamubwezera pomwepo, ndipo pakamwa pawo si pochezera, anthu amaseka woledzerayo nkhani n'kutha. Koma bwana uja mawu ake ndiwo anali chigamulo. Anali ndi chidindo m'dirowa, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pake ndi chimene chinachitikadi. Kalaliki amene anakhala pambali pake anaphunzira tsiku lomwelo kuti munthu wobwera chokwawa sapatsidwa fomu. Kalowa m'khutu kayala mphasa. Munthu wolandira malipiro ochokera ku misonkho yathu akamalankhula ali pantchito, ndi boma limene likulankhula.

Ndipo tamverani bwino Chichewa chakecho. Chilema, chidzete, chitsiru: mawu onsewa amayenda gulu limodzi ndi chitseko, chikho, chitsulo. Ukangoyamba ndi "chi" ameneyu, chiganizo chonse chimatsata: chabwera, chikufuna chiyani, chichotseni pakhomopo. Munthu uja wachoka kale pa gulu la anthu usanamalize kulankhula. N'chifukwa chake eni ake amati tizinena kuti munthu waulumali, munthu wosaona, munthu wosamva, munthu wachialubino, kuti mawu akuti munthu azikhala patsogolo. Si zachizungu zobwera ayi, ndi galamala yathu yomwe.

Amene akukayikabe akumbukire za abale athu achialubino. Tisanayambe kumva za kubedwa ndi kuphedwa kwawo kuyambira chakumapeto kwa 2014, tinali titazolowera kale kuwaitana napweri kapena mzungu dala. Kenaka anyamata m'misika anayamba kuwakuwa kuti ndalama zikudutsa, anthu n'kumaseka. Kuno kumpoto sitinachite kumvera pa wailesi zakutali: usiku wolowera chaka cha 2019, ku Kande ku Nkhata Bay, bambo wina wachialubino anaphedwa m'nyumba mwake mwana wake akuona. Patangopita milungu ingapo, a Nicholas Dausi, amene anali nduna ya zachitetezo cha m'dziko, ananena kuti nkhaniyi sinafike poipa kwenikweni moti a bungwe la anthu achialubino la APAM n'kukachita m'bindikiro ku nyumba ya boma. Sanatukwane munthu, koma anthu amene ankagona chokhala ndi mantha anamva kuti moyo wawo ndi wopepuka pamaso pa amene amalamulira apolisi. Anthu atakwiya, anapepesa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake. Mtsogoleri akaponya nthabwala yotereyi pa msonkhano wa ku Katoto, m'khamu lomwe likumuombera m'manjalo muli eni ake, muli makolo awo.

Nanga bwanji ndikukana zomanga? Chifukwa malamulo omangira munthu pa zolankhula m'dziko muno timawadziwa kumene amaluma. Lamulo la za pa intaneti la 2016 taliona likunyamula anthu wamba chifukwa cha zimene analemba pa Facebook kapena kutumiza pa WhatsApp. Lamulo loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko linakhala zaka zambirimbiri mpaka aphungu analichotsa mu 2022. Mukapanga lina lero loti wonyoza aulumali azigona m'chitokosi, woyamba kugwidwa adzakhala kondakitala wa minibasi kapena mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa. Nduna idzabwera ndi maloya atatu, mlandu udzayamba kuimitsidwa mpaka tonse kuiwala. Komanso phungu akalankhulira m'Nyumba ya Malamulo, malamulo aakulu a dziko amamuteteza kuti asazengedwe mlandu kukhoti pa mawu amenewo. Ndiye njira ya apolisi imaphonya munthu amene tikumufunayo.

Makolo athu anali nayo njira. Ukatukwana munthu pagulu, kubwalo la amfumu sankakumanga. Unkaima pamaso pa anthu omwe anakumva aja, kuvomera kuti unalakwa, n'kupereka nkhuku, ikakula mbuzi, kwa amene unamulakwira. Ndipo nduna ya mfumu ikachita zimenezo inkachotsedwa pa mpando. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Zida zake zilipo kale, kungoti timazisiya zichite dzimbiri. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho, ndipo ulumali unatchulidwamo ndi dzina. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Tinali ndi lamulo la 2012, ndipo pano pali latsopano la 2024 limene linabweretsa bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa lakale la MACOHA. Mtsogoleri wa dziko safunika chilolezo cha khoti kuti achotse nduna, amangolemba kalata. Sipikala ali ndi mphamvu youza phungu kuti abweze mawu ake, akakana n'kumutulutsa. Chipani chikhoza kukana kuimika munthu pa chisankho. Wogwira ntchito m'boma ali ndi omuyang'anira amene angamulembere chenjezo, kumuimitsa kapena kumutsitsa, ndipo wolakwiridwa akhoza kukadandaula kwa Ombudsman, womva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, amene ofesi yake ilipo mu Mzuzu mommuno, kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu. Ine tsiku lija sindinkadziwa zonsezi. Ndinangolira m'njira, achimwene n'kumandiletsa kuti, "Anthu aziti ndamwalira."

Kupepesa nakonso kuli ndi mtundu wake. Zija zoti "ngati pali ena amene akhumudwa ndi mawu anga" si kupepesa, n'kuuza wolakwiridwayo kuti vuto ndi mtima wake wosachedwa kupsa. Anene chimene ananena, avomere kuti chinali cholakwa, alankhulire pamalo ofanana ndi pamene ananyozerapo, ndipo ngati ndi pa kanema pakhale womasulira m'chinenero chamanja kuti ana a m'sukulu za osamva za ku Embangweni ndi ku Bandawe amve nawo. Akatero akonze chimene chinaonongeka: wokanizidwa fomu aitanidwe, pa masitepe pamangidwe polowera njinga.

Pali amene analemba m'mwambamu kuti tikatero ndiye aliyense alakwa, poti tonse tinakula ndi mawu amenewa. N'zoona pang'ono. Inenso ndinakula ndikunena kuti opunduka, osadziwa kuti ena amawawidwa nawo. Mayi athu mpaka lero amati mwana wanga wopuwala, ndipo palibe anawakonda achimwene kuposa iwo, anawabereka kumsana kupita nawo kusukulu mpaka Sitandade 3. Khansala wachikulire akagwiritsa ntchito mawu akale mosadziwa, mumuuze, asinthe, nkhani ithe. Ngakhale miyambi yathu si yonse yonyoza. Tikamati wamisala anaona nkhondo timakhala tikudzudzula amene sanamumvere. Koma munthu woima pa nsanja n'kumatsanzira mayendedwe a mnzake wotsimphina kuti khamu liseke, kapena wotchula opikisana naye kuti amisala othawa ku chipatala, pamene pano pa chipatala cha St John of God pali anthu amene akulimbana ndi matenda a maganizo ndipo achibale awo amachita kubisa chifukwa cha manyazi omwewa, ameneyo sanaterereke lilime. Anasankha. Wobwereza atauzidwa kale nayenso anasankha. Ndipo pounika kuti mawu awa apweteka kapena ayi, asamakhale okhaokha alungalunga m'chipinda. A FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), a APAM, mabungwe a anthu osaona ndi osamva alipo, ndipo amadziwa kudzilankhulira. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino, ndiye zoti aulumali ndi ongolankhuliridwa zinatha kale.

Za ufulu wolankhula, bwana uja ufulu wake ndilibe nawo mangawa. Akavula tayi, apite ku bawo akanene zimene akufuna, akakumana ndi omuyankha. Chimene alibe ndi ufulu wokhala pa mpando wa tonse kwinaku akusankha kuti munthu ndi uti. Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza, ndipo ndi ngozi za njinga zamoto zimene zadzaza m'zipatala masiku ano, mwambiwu sufunanso womasulira.

Makina opalira soli aja achimwene anadzagula patapita zaka ziwiri, ndi ndalama za banki m'khonde ya alamu anga, ndipo anabweza yonse nthawi isanakwane. Masitepe asanu aja ndinadutsapo mwezi watha, akadali momwemo. Dzulo madzulo nditawawerengera funso lanuli, anayamba aseka, kenaka anati: "Kumumanga ayi, akakadya nsima ya msonkho wanga womwe. Angomukhazika pa njinga yangayi akwere nayo mtunda wa ku Masasa kamodzi kokha, akatsika abwere adzandipatse fomu ija ndi manja awiri."