Yankho kwa achemwali pa za opaleshoni ya ababa

Ee achemwali mwaswera bwanji, audio yanu ija ndaimva mochedwa, netiweki ku Ulongwe kuno lero ikungobwera nkumapita. Mwafunsa kuti kodi dotolo ponena za opaleshoni ndiye kuti ababa awachotsa m'mero wonse? Ayi, mtima m'malo kaye.

Matendawa dzina lake ndi acalasia, pa pepala lawo alemba chonchotu. Kumunsi kwa m'mero, polowera m'chifu, pali kakhomo kamene kamatseguka tikameza, ndiye kwa ababa timitsempha totsegula pamenepo tinafa, khomo linangomanga. Nchifukwa chake mumawaona nsima mbamu ziwiri basi aimirira, kudzimenya pachifuwa, kukankhira ndi madzi chikho chonse, usiku nkumabzikula zadzulo zomwe pa pilo. Zaka zonsezi chakudya chikuunjikana, m'mero unatanuka nkupindika ngati sokosi yakale, ndi zija anaona pa raio-X atawamwetsa zoyera zija.

Tsono olo zafika pamenepa madotolo ambiri amayamba ndi opaleshoni yaing'ono, amaitcha Heller, dzina la dotolo wa ku Germany amene anaiyamba mu 1913, yakalekale ndithu si yoyesera pa ababa ayi. Amang'amba mnofu wa pakhomo paja cha kunja kwake, mkati osaboola, kenako amatenga mbali ya chifu nkuphimbapo kuti chilungulira chisamawavute kwambiri. Pena amachita ndi kamera, timabala ting'onoting'ono pamimba. Palinso ina ya POEM yodzera kukamwa, inayambira ku Japan mu 2008, koma imafuna zida zake. Jakisoni wa botox, wofewetsa mnofu wa pakhomo paja, nde ayi, miyezi ingapo zabwereranso.

Yochotsa m'mero ija iliko, sindikunamizeni, amakoka chifu kuchikweza pachifuwa kuti chikhale njira ya chakudya, ndi yaikulu ndipo munthu woonda ngati mmene afikiramu sangangomulowetsa, ayambe wapeza mphamvu. Imeneyo ndi yomaliza, zina zikakanika kapena akapeza zina zoipa mkatimo. Nchifukwa chake endoscopia ija, yoona mkati mwa m'mero ndi kamera yodzera kukamwa, musaizembe chonde, olo ababa akane kuti payipi kukhosi ayi, khansa ya kum'mero kwathu kuno ndi yambiri ndipo poyamba imaoneka mofanana.

Chimodzi muwauze amayi asadzakhumudwe, opaleshoni imatsegula khomo basi, m'mero sudzayambanso kukankha wokha, chakudya chizitsika ndi kulemera kwake. Ndiye phala lamadzimadzi kaye, kudya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, asagone atangodya, bedi muikire njerwa kumutu. Zoti anawalodza zija, aa ine ndatopa nazo, mbuzi ziwiri zinapita kale.

Lachiwiri ku consulta mufunse ngati apangira ku Tete konko kapena apereka guia, kalata yowatumizira ku chipatala china, ya ku Beira kapena ku Maputo, tidziwiretu za ndalama ya ulendo. Ya chapa (minibasi) ndikutumizirani pa M-Pesa madzulo ano.