Funsani Akatswiri: Kodi kompyuta imapeza bwanji majini (malangizo a m'thupi otengera kwa makolo) a matenda a celiac?

Funso: Mng'ono wanga ku Johannesburg amupeza ndi matenda a celiac. Akuti ndi akumtundu, ndipo majini ake anawapeza ndi kompyuta. Zimatheka bwanji? Nanga ana anga ndiwayezetse? Ndine mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Mayi, mwafunsa bwino. Matendawa amayamba chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi gluten, puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye, n'kuwononga tiubweya ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya. Mwana amatsegula m'mimba pafupipafupi, mimba imatupa, magazi amachepa, ndipo amapinimbira.

Ofufuza amatenga magazi kapena malovu a odwala masauzande ndi a anthu athanzi masauzande. Makina amawerenga malo ambirimbiri a DNA (uthenga wa m'thupi wosunga majini, wokhala ngati mzere wa zilembo) pamene anthu amasiyana ndi chilembo chimodzi, otchedwa SNP. Pulogalamu ngati PLINK imayamba yataya zowerengedwa molakwika, kenako pamalo paliponse imawerengera kuti chilembocho chapezeka kangati mwa odwala, kangati mwa athanzi. Poti malowo ndi ochuluka zedi, ena amasiyana mwangozi chabe, n'chifukwa chake muyezo wake ndi wokhwima: mwayi woti zangochitika usapose 5 pa 100 miliyoni. Msampha wina ndi uwu: odwala akachokera dera lina, athanzi dera lina, kompyuta imaloza kusiyana kwa makolo awo, osati matenda.

Njirayi mu 2007 inaloza dera la majini a IL2 ndi IL21 pa chromosome 4 (chromosome ndi mtolo wa DNA, uliwonse uli ndi nambala yake), ndipo pofika 2011 malo 39 otere anali atapezeka. Komabe majini akuluakulu ndi HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8 a pa chromosome 6, omwe anadziwika kale. Pafupifupi odwala onse ali ndi imodzi mwa awiriwa. Koma mwa azungu 100, pakati pa 30 ndi 40 ali nawonso, ndipo amene amadwala ndi atatu okha pa 100 aliwonse a iwowa. Choncho majiniwa akasowa, khazikani mtima pansi. Akapezeka, sikuti mwana akudwala. Chotidandaulitsa n'chakuti kafukufuku wambiri anachitika pa azungu, Aafirika tinatsalira.

Woyamba kuyezetsa ndinu, mayi, chifukwa mwa abale a mimba imodzi, makolo ndi ana a wodwala, mmodzi pa 10 amapezeka nawo. Ana anu ali patali pang'ono, choncho sakufunika kuyezedwa panopa, pokhapokha ngati ali ndi zizindikiro. Funsani kuchipatala za kuyeza magazi kwa tTG-IgA, komwe kumathandiza kupeza matendawa, ndipo chonde musasiye buledi musanayezetse, chifukwa mukasiya, zotsatira zikhoza kunama kuti mulibe. Adokotala ayang'anenso giardia (tizilombo ta m'matumbo), TB ndi HIV, zomwenso zimawononga matumbo.

Akakupezani nawo, buledi, masikono, mandasi ndi mowa wa balere n'zosiyiratu moyo wonse. Nsima ya chimanga, kondowole, mbatata ndi mpunga wa Kilombero mulibe gluten. Samalani ndi zitumbuwa kapena chipisi zokazingira m'mafuta amene munali mandasi.