Kodi Vitz ingavale matayala otambalala pa marimu ake omwewo?

Bambo ena a ku Luwinga anditumizira imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere. Ali ndi Toyota Vitz ya injini ya 1000cc yomwe inalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe itavala matayala a 165/70R14, ndipo matayalawo atha. Mnzawo wawalangiza kuti aike a 195 kuti galimoto izigwira bwino msewu nthawi ya mvula, iziwonekanso yojintcha. Wogulitsa wina mumsika wawasonyezanso a kaunjika a 185/70R14 pamtengo wotsika. Marimu sakufuna kusintha. Amapita ku Ekwendeni kuntchito, ndipo mwa apo ndi apo amatsikira ku Nkhata Bay ndi banja lonse. Akufunsa ngati zingatheke komanso ngati pali choopsa.

Achimwene, zikomo polemba. Pa marimu amene muli nawowo mukhoza kukwera kufika pa 175 mtima uli m'malo. Pa 185 ndiye pamalire. A 195 musaike. A 185/70R14 amene mwawaona mumsikawo alowa ndithu pa rimu, koma sindikukulangizani kuwagula, ndipo chifukwa chake si kutambalala kokha ayi.

Tiyambe ndi rimu, poti ndi imene imalamula. Ambiri tikamakamba za rimu timangotchula nambala imodzi, kuti "saizi 14", koma rimu ili ndi miyeso iwiri. Mukagulula gudumu limodzi n'kuyang'ana bwino pachitsulo, mupeza padindidwa zilembo monga 14x5J. Nambala 14 ndi kukula kwa bwalo la rimu m'mainchesi, pomwe 5 ndi m'lifupi mwake, kuyeza m'kati pakati pa milomo iwiri pamene tayala limakhala. Mainchesi 5 ndi mamilimita 127. Ma Vitz ambiri ovala 165/70R14 amabwera ndi 5J, komabe galimoto zochokera ku Japan zina zimafika zitasinthidwa kale marimu, choncho onani ndi maso anu musanatulutse ndalama. Ngati marimu ndi a aluminiyamu, zilembozo nthawi zambiri zimakhala kumbuyo.

Opanga matayala amaika malire a rimu imene tayala lililonse lingavalidwepo. La 175/65R14 limafuna rimu ya mainchesi 5 mpaka 6. La 185/65R14 ndi la 185/60R14 amafuna 5 mpaka 6.5, kutanthauza kuti rimu yanu ili kumapeto kwenikweni kwa chololedwa. La 195/60R14 limayambira pa 5.5. Apa rimu yanu yachepa.

Ndikudziwa kuti anyamata oika matayala akhoza kulikakamiza la 195 mpaka kulowa, n'kulipopa, mpweya osatuluka. Kulowa sikutanthauza kuti lakhala bwino. Tengani patapata mumufinye m'mbali ndi zala, muona pakati pake patukuka. Tayala lalikulu likapanikizidwa pa rimu yopapatiza limachita chimodzimodzi: milomo yake imakokedwera m'kati, mbali yoponda pansi imakhota, ndipo chimene chikukhudza phula kwambiri ndi pakati pokha. Mwalipira tayala lotambalala koma mapewa ake sakugwira ntchito mokwanira, ndipo liyamba kutha pakati m'mbali mukadali mizere. Choipa kwambiri chimaoneka pokhota. Makoma a tayala amakhala atafufuma kunja kwa rimu, opanda chowachirikiza, ndiye mukakhotetsa chiwongolero rimu imayamba yasuntha, tayala n'kutsatira pambuyo. Galimoto imamveka ngati ikuyandama. Pamsewu wa ku Nkhata Bay, pomwe makona amatsatizana uku mukutsetsereka, kuchedwa kumeneko sikofunika ngakhale pang'ono, makamaka mutanyamula ana kumbuyo.

Tsopano nambala yapakati ija, imene anthu ambiri amailumpha. Pa 165/70R14, 165 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Koma 70 si mamilimita: ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi lotalika magawo 70 pa 100 a m'lifupimo. Choncho mukakulitsa nambala yoyamba n'kusiya yachiwiri momwemo, tayala silimangotambalala, limatalikanso. Tiwerengetse. Khoma la 165/70 ndi mamilimita 115.5, ndipo makoma ndi awiri, pansi ndi pamwamba. Tikaphatikiza ndi rimu ya mainchesi 14, yomwe ndi mamilimita pafupifupi 356, gudumu lonse likuima mamilimita 587. La 175/65R14 likuima 583, kusiyana kosamveka n'komwe. La 175/70R14 likuima 601. La 185/65R14 ndi 596, la 185/60R14 ndi 578. Koma la mumsika lija, 185/70R14, likufika 615. Laposa loyambalo ndi mamilimita 28, pafupifupi magawo 5 pa 100.

Amisiri ambiri a matayala amalangiza kuti kusiyana kumeneku kusapitirire magawo 3 pa 100, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Galimoto imadziwa liwiro lake powerenga kuzungulira kwa magudumu. Gudumu likakula limayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, ndiye liwiro lenileni limakwera muvi wosonyeza liwiro uli pomwepo: pamene kale munkayenda 80, tsopano mukuyenda pafupifupi 84. Makilomita nawonso amawerengedwa mopereweza, moti mukamayeza kamwedwe ka mafuta muzidzinamiza. Koma chachikulu kwa ife a kuno ndi zitunda. Injini ya Vitz yanu ili ndi masilinda atatu okha. Gudumu lalitali limaipatsa ntchito ngati mukunyamuka ndi giya yapamwamba. Kuchoka kunyanja ku Nkhata Bay kufika mu Mzuzu mumakwera mamita oposa 700 pa mtunda wosakwana makilomita 50, ndipo ndi anthu asanu m'galimoto mudzamva injini ikubuula, giyabokisi ikutentha, mafuta akupita. Potsika napo mabuleki amavutika chimodzimodzi, chifukwa kuimitsa gudumu lalikulu kumafuna mphamvu yoonjezera. Amene anatsikapo Chiweta akudziwa kuti kumeneko buleki siyofunika kuipatsa ntchito yoonjezera.

Palinso nkhani ya malo. Tayala likatambalala ndi mamilimita 20, 10 apita kunja, 10 apita m'kati kumene kuli shoko ndi pulasitiki ya m'madigadi. Likatalikanso, limayandikira pamwamba. Galimoto ili chiimire yopanda katundu zonse zimaoneka bwinobwino. Kukhula kumayamba mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, kapena mukalowa m'dzenje mutanyamula matumba a chimanga. Galimoto zathu zambiri mashoko ndi masipuling'i ake anatopa kale, ndiye zimakhala pansi kuposa momwe zinatulukira ku fakitale.

Ndifike pa mfundo ya mnzanu, yakuti tayala lotambalala limagwira bwino mvula ikamagwa. Pamsewu wouma, pa rimu yoyenera, tayala lotambalala limathandizadi pokhota. Pamadzi nkhani imasintha. Chimene chimakanikiza tayala pansi ndi kulemera kwa galimoto, ndipo Vitz imalemera pafupifupi tani imodzi yokha. Mukatambalalitsa tayala, mpweya uli chimodzimodzi, malo okhudza pansi sakula kwenikweni. Amangosintha maonekedwe, kukhala aafupi koma otambalala. Tsono pamsewu pakakhala madzi, tayala liyenera kuwakankhira kumbali lisanaponde phula. Lotambalala limakumana ndi madzi ambiri, ndipo madziwo amayenda mtunda wautali kuti atuluke. Liwiro likakwera, madzi amalephera kuthawa, tayala limakwera pamwamba pawo, chiwongolero n'kupepuka m'manja mwanu. Galimoto yopepuka yovala matayala otambalala imafika msanga pamenepa kuposa yovala opapatiza. Ife a Mzuzu mvula yathu imachedwa kusiya, imagwa mpaka Epulo ngakhale Meyi anzathu a kumwera atayamba kale kukolola, ndipo amene amadutsa ku Chikangawa amadziwa phula lonyowa ndi nkhungu. M'matope a m'makwalala athu, monga ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, tayala lopapatiza limaboola thope la pamwamba n'kupeza dothi lolimba, pomwe lotambalala limakonda kuterereka pamwamba.

Chimene chimagwira msewu wonyowa ndi kuya kwa mizere ndi mtundu wa labala. Pachifukwa ichi ndikudandaula kwambiri ndi mawu oti "a kaunjika" kuposa nambala 185. Sindikunyoza, ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, ndipo pakati pa matayala a kaunjika pamapezeka abwino. Koma muyenera kudziwa powerenga. Pakhoma la tayala pamakhala manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala imauma ndi zaka ngakhale tayala lisanayende. Likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi liyenera kuyang'anitsitsidwa, ndipo la zaka 10 ndi lotaya ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Pindani khoma ndi dzanja muone ngati pali ting'alu. Pisani dzanja m'kati mufufuze zigamba, makamaka pafupi ndi khoma, chifukwa pamenepo sipamatidwa. M'ngalande za tayala muli timapiri ting'onoting'ono tosonyeza mamilimita 1.6. Mizere ikalingana nato, tayala latha, ndipo pamadzi limakhala litayamba kale kufooka likatsika pansi pa mamilimita 3.

Chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri pa galimoto zochokera ku Japan ndi matayala olembedwa STUDLESS. Amenewa anapangidwira chipale chofewa. Mizere yake ndi yakuya, ili ndi timing'alu tambirimbiri, ndiye amakopa maso ndipo amagulitsika msanga. Koma labala yake ndi yofewa, pa phula lotentha imadyeka mofulumira, ndipo pamsewu wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Mukaliona liwu limeneli, lisiyeni ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Mwina chimene mukufuna kwenikweni si kutambalala koma kuti galimoto ikwere pang'ono, isamagunde pansi pa mabampu ndi m'misewu yokumbika ndi madzi. Ambiri amene amandifunsa za matayala aakulu, tikacheza bwino, vuto lawo limakhala limeneli. Ngati ndi choncho, 175/70R14 ndiye yoyenera kuiganizira. Ikukwana bwino pa rimu ya 5J, yaposa yoyamba ndi magawo osafika 3 pa 100, imakweza galimoto ndi mamilimita 7, ndipo khoma lake lalitali limateteza rimu mukagwa m'dzenje. Mamilimita 7 si ambiri, komabe kumbukirani kuti galimoto imakwera ndi theka lokha la kukula kwa gudumu, moti ngakhale 185/70 ija ingakupatseni 14 basi. Ngati pansi pakugunda kwambiri, kaonetseni mashoko ndi masipuling'i kwa makaniko, poti nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. A 185/60R14 amaoneka okongola, koma amatsitsa galimoto ndipo khoma lake ndi lalifupi. Pa misewu yathu ino sindikuona phindu lake.

Ndikanakhala inu, pa ulendo wa tsiku ndi tsiku wa pa M1 kupita ku Ekwendeni, ndikanagula 175/65R14 atsopano, kapena kubwerera pa 165/70R14 omwewo. Ndalama imene ikanapita pa kutambalala ndikanaiika pa mtundu wabwino wa tayala. Saizi ya 175/65R14 imavalidwa ndi galimoto zambiri zing'onozing'ono, choncho likaphulika muli kutali simuvutika kupeza linzake.

Pogula onaninso nambala ndi chilembo chimene chimatsatira saizi, monga 81S kapena 82T. Nambalayo ndi katundu amene tayala limodzi lingasenze: 81 ndi makilogalamu 462, 82 ndi 475, pomwe chilembocho chimasonyeza malire a liwiro limene lingapirire. Musatsike pansi pa nambala imene yalembedwa pa kapepala komatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Pa kapepala komweko palinso mlingo wa mpweya, ndipo mukakwera kufika pa 175 muzipopabe mlingo umenewo, poyeza matayala asanatenthe. Nambala yolembedwa pakhoma la tayala ndi malire a mpweya umene lingapirire, si yopopera tsiku ndi tsiku.

Ngati thumba silikulola anayi nthawi imodzi, gulani awiri ofanana saizi ndi mtundu, ndipo muwaike kumbuyo. Ndikudziwa kuti ambiri amati atsopano apite kutsogolo poti ndiko kukoka, koma pamsewu wonyowa kumbuyo kukataya msewu galimoto imazungulira, ndipo ndi madalaivala ochepa amene angaibweze. Kutsogolo kukaterereka mumamva msanga m'chiwongolero n'kuchepetsa liwiro. Pa ekiselo imodzi musasakanize masaizi, ndipo ngati mwasankha 175/70, yesetsani kumaliza onse anayi mwamsanga, chifukwa ABS, chipangizo choletsa magudumu kukakamira mukaponda buleki mwamphamvu, imayerekeza kuzungulira kwa magudumu onse ndipo imafuna kuti akhale ofanana msinkhu.

Poika matayalawo asinthe mavavu, akamaliza achite balansi, ndipo mukapimitse alayimenti, makamaka ngati akale aja anadyeka mbali imodzi. Musanachoke pamalopo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mupise dzanja pakati pa tayala ndi shoko komanso pulasitiki ya m'madigadi. Zala zizilowa momasuka. Kenako kwezani anthu atatu kumbuyo, mudutse pa bampu pang'onopang'ono mawindo ali otsegula, mumvetsere. Mukamva kukhula, bwererani pomwepo tayala lisanadyeke, poti likangokalika wogulitsa sadzalola kulisintha.