Za mathithi a ku Tsitsikamma, ana aang'ono musawatenge

Achemwali, mwafunsa ngati mungapite ndi ana kumathithi a ku Tsitsikamma, nkhalango yotetezedwa ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku South Africa. Ana aang'onowo ayi. Ndipo bambo wokonza maulendo amene wakuuzani kuti ndi kamtunda kongowongola miyendo, mumufunse kaye ngati iyeyo anafikako pamathithipo.

Ifenso tinauzidwa zomwezo. Tinasonkha ndalama amayi a kumpingo kuno ku Gqeberha, mkulu wina wakwathu n'kupeza minibasi. Tinapangana kunyamuka m'mamawa, iye anatulukira dzuwa litakwera, kenako n'kukatiimitsa pa Big Tree, chimtengo chachikulu chimene alendo amakaona, m'mphepete mwa msewu wa N2 kuti ajambule zithunzi zotsatsira bizinesi yake. Pageti la ku Storms River Mouth, polowera kupita kumathithiko, tinachedwanso chifukwa sanatiuze zotenga mapasipoti, chonsecho a SANParks, bungwe loyang'anira malowa, ali ndi mtengo wotsikirapo wa anthu ochokera m'mayiko a SADC. Ena mwa ife analipira ndalama zambiri pachabe.

Njira ya kumathithiyo ndi chiyambi cha Otter Trail, ija anthu amayenda masiku 5 kukathera ku Nature's Valley. Kupita kumathithi ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 6 okha, ndiye ukangomva umati n'zachibwana. Mumayamba bwinobwino, mitengo yowirira, pansi ponyowa, poti kumeneko mvula ilibe nyengo. Kenako njira yeniyeni imatha, kumatsala miyala ikuluikulu m'mphepete mwa nyanja ndi tizizindikiro tachikasu topentedwa pamiyalapo. Pena umakwera ndi manja ndi maondo omwe.

Pobwerera chiperoni chinayamba. Mlamu wanga anali atavala mapatapata, chifukwa mkulu uja anati nsapato iliyonse ndi bwino. Anaponda mwala wa ndere, phazi n'kulowa mumng'alu pakati pa miyala iwiri, thupi lonse n'kugwera mbali ina. Ndinamva kuti thyo! Sanalire n'komwe poyamba, anangoti "Alamu, mwendo wanga," milomo itatuwa. Kakolo anatupa ndikuona, patapata limodzi linapita ndi madzi. Ndiye madziwo anali akukwera. Ife tinazolowera nyanja ya kwathu imene imangokhala pomwe ili, koma iyi imakwera n'kutsika kawiri patsiku, moti pamene tinadutsa pouma popita, mafunde anali akumenyapo mpaka kutiwaza kumaso. Foni yanga inalibe netiweki. Ndinang'amba chitenje n'kumumanga, manja akunjenjemera, zala zitauma ndi kuzizira, iye atandigwira bulauzi osafuna kundisiya.

Nanga mkulu uja anali kuti? Anali atatsogola kalekale, akuti akukaona galimoto! Anatipulumutsa ndi anyamata awiri osawadziwa amene ankatsikanso kumathithiko. Anamubereka mosinthana, pamiyala yovuta n'kumamukhazika pansi n'kumamutsetsereza pang'onopang'ono, iye akukuwa. Tinafika poimika magalimoto kukuyamba kuda. Mukudziwa mawu oyamba amene munthu ameneyo anatilandira nawo? Akuti tachedwetsa ulendo, mwini minibasi afuna ndalama zina, tiwonjezere. Osafunsa n'komwe kuti wavulalayo ali bwanji. Mlamu wanga anamuika pulasitala, ntchito ya m'nyumba imene ankagwira inathera pomwepo, ana kumudzi akudikira fizi. Mpaka lero munthuyo sanaimbeko foni, ndipo akulengezabe maulendo m'magulu athu omwewa ngati palibe chinachitika. Zimandiwawa kwambiri.

Komatu musalephere kupita chifukwa cha ine. Malowo ndi okongola zedi: madzi amatsika pathanthwe n'kugwera m'dziwe pafupi penipeni ndi nyanja, ofiirira chifukwa cha masamba ndi mizu ya m'nkhalango, ozizira koopsa, koma anthu amasambiramo. Wotsogolera simukumufuna, njirayo siisocheretsa mukamatsata zizindikiro zija, kungoti musayende ochepera atatu, kuti wina akavulala mmodzi atsale naye wina akaitane anthu. Yambani m'mawa, ndipo mufunse ku ofesi kuti madzi atsika nthawi yanji tsiku limenelo. Nsapato zikhale zomanga zingwe, zogwira pansi. Mutenge jekete ngakhale kuli dzuwa.

Anawo apite ndi bambo awo ku mlatho wolendewera uja wa mamita 77 pamtsinje wa Storms River, njira yake ndi yamatabwa ngakhale masitepe ndi ambiri. Wamkuluyo mwati ali ndi zaka 12? Ngati ndi wolimba ndiponso amamvera, ameneyo mutha kupita naye kumathithi, koma azikhala kutsogolo kwanu osati kumbuyo.