Za Freddy ku Chilobwe, kwa mayi mukufunsa zosamukanu

Mayi, mwafunsa za kusamuka namondwe akamabwera. Zoti mudikire galimoto yodzakusamutsani iwalani. Ine namondwe wa Freddy anandipeza ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, mu Malichi 2023, mpaka lero mvula ikamagunda malata usiku tulo sindilipeza.

Mvula inali ikugwa osalekeza, magetsi atathima, foni itafa. Pakati pa usiku tinangomva chiphokoso kumtunda ngati mathiraki akukhuthula miyala. Linali phiri la Soche likutsika. Potsegula chitseko, kanjira kathu kaja kali mtsinje wa matope, mukudutsa malata, matiresi, mbuzi, miyala ina yaikulu kuposa munthu. Mwana wamng'onoyu ndinamumanga kumbuyo ndi zitenje ziwiri, wamkuluyo ndikumukoka dzanja. Matope m'chiuno, akukoka miyendo, nsapato zinatsalira momwemo. Mumdima monse anthu akungokuwa mayina a ana awo. Ambulansi ikanadzera pati? Tinjira tathuti ngakhale m'chilimwe galimoto silowa, ngalande nazo zinali zitatsekeka kale ndi zinyalala. Kutacha anyamata a m'dera ndi amene anayamba kufukula anthu ndi makasu, ena ndi manja, kunyamula ovulala mpaka pamsewu kuti apite kuchipatala cha Queens. Asilikali anatipeza ntchito ili mkati.

Koma amene mtima wanga sunamukhululukire ndi landilodi. Masana ake ndinamuimbira kuti khoma lang'aluka, ndikufuna ndikagone kwa achemwali. Akuti mukangochoka ndiika wina. Iyeyo akugona kwina, m'nyumba ya mabuloko! Sabata isanathe ananditsatira kusukulu komwe timagona m'kalasi, kudzafunsa lendi ya nyumba yoti kulibenso. Anthu ena Mulungu yekha.

Ndiye a zanyengo akangolengeza namondwe, nyamukani kukadali kowala, osafunsa munthu. Chiphaso, buku lakuchipatala ndi mankhwala mumangiretu mu jumbo. Mudziwiretu sukulu kapena tchalitchi chomwe mukathawireko, kutali ndi phiri komanso mtsinje, ndipo njira yake isakhale yowoloka mlatho. Akuba alikodi, aneba athu amene anasamuka msanga anakapeza akuba atazula ndi mafelemu a mawindo omwe.  Koma ifeyo tikanati tidikire m'nyumba, khoma lija likanatigwera ndi ana omwe.