Chigayo cha mphepo cha Mostert: chinadzuka bwanji chitapsa?

Mayi wina wokhala ku Cape Town watilembera imelo. Akuti akamadutsa pa msewu wa M3 ku Mowbray amaona nyumba yoyera ya mapiko anayi, ndipo akufunsa ngati imagayadi, komanso kuti anaikonza bwanji moto utaiwononga.

Mayi, imagayadi tirigu. Ndi Mostert's Mill, yomangidwa cha m'ma 1796 pa famu ya Welgelegen. Inasiya ntchito m'ma 1870, mmisiri wa ku Netherlands, Christiaan Bremer, n'kudzaikonza mu 1935. Inakonzedwanso mu 1995. Pa 18 April 2021 moto wolusa wa ku Table Mountain unanyeketsa denga lake la udzu ndi zamatabwa zam'kati, koma khoma linatsala. Gulu la Friends of Mostert's Mill linatsogolera ntchito, ndipo mu 2024 mapiko anazunguliranso.

Pokonza chigayo chotere amayamba ndi khoma, ndipo amamata ndi laimu. Simenti ndi yolakwika pano: imatsekera chinyezi m'kati, mitu ya mitanda n'kuwola. Kenako mkombero wa pamwamba pa khoma uyenera kukhala wolingana ndendende, chifukwa denga lonse limazungulira pamenepo. Wogayitsa amalikankha ndi mtengo wautali wa kumbuyo mpaka mapiko atayang'ana mphepo. Mkombero ukapendama pang'ono chabe, denga limakakamira.

Mapiko amazunguza mtanda waukulu wokhala ndi gudumu la mano a mtengo, ndipo manowo amazunguza kagudumu kamene kamayendetsa mwala wapamwamba wa mphero. Mano amawapaka phula la njuchi, osati girisi, poti girisi amakoka fumbi n'kumadya mtengo. Miyalayo amaisema timizere. Timizereto tikafufutika, ufa umatuluka wotentha.

Zoopsa zenizeni ndi ziwiri. Mphepo ikawomba chakumbuyo kwa mapiko imatha kuzula denga, ndipo ya kumwera chakum'mawa ya ku Cape siichita masewera. Chachiwiri ndi buleki: ukaigwira mwamphamvu mapiko akuthamanga, matabwa amakhulana mpaka kutulutsa utsi, pansi pa udzu wouma. N'chifukwa chake wogayitsa amayamba wapinda nsalu za pa mapiko mphepo isanakule.

Chinyezi cha m'nyanja nacho chimadya zitsulo, choncho mabawuti amafuna penti ndi kuwayendera kawirikawiri. Ndimaumirira kuti chigayo chiziyendetsedwa, osangochisunga kuti anthu azijambula, chifukwa mtanda wongokhala mbali imodzi umapindika ndipo madzi amvula amakhazikika pamalo amodzi.