Kwa amayi a ku Santhe amene afunsa za chitsitsimutso chosakhalitsa

Zikomo amayi. Mwati chaka chatha Chigwirizano cha pa mpingo wanu chidachititsa chitsitsimutso cha masiku atatu, amayi ambiri adalira n'kupita kutsogolo kukalapa, koma mwezi usanathe miseche ndi mikangano ya ku banki mkhonde zidabwerera pamalo pake. Mukufunsa kuti chidalakwika n'chiyani, nanga cha chaka chino muchikonze bwanji. Yankho langa litalika, mundipirire.

Kawirikawiri vuto limakhala loti msonkhano wonse umakonzedwa moti uthere pa misozi. Mlaliki akaona amayi makumi atatu atagwada kutsogolo amati ntchito yatheka, pamene ntchito yangoyamba kumene. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa zisoni ziwiri, cha kwa Mulungu chimene chimatembenuza mtima ndi cha dziko lapansi chimene chimabala imfa. Kunja zimaoneka zofanana. Yudasi adamva chisoni, adavomera kuti wachimwa, ndipo ndalama 30 zasiliva zija adabweza, koma sadabwerere kwa Ambuye (Mateyu 27:3-5). Petro adalira ndi kuwawa mtima, pambuyo pake adakumana ndi Yesu m'mbali mwa nyanja n'kupatsidwanso ntchito. N'chifukwa chake Buku Lopatulika m'malo ena limati lapani, m'malo ena tembenukani mitima. Munthu wotembenuka ndi amene ankalowera ku Lilongwe, tsopano wayang'ana ku Mzimba ndipo wayamba kuyenda.

Inu a CCAP muli nacho kale chiphunzitsochi. Katekisma wa Heidelberg, pa funso 88, amati kutembenuka kwenikweni kuli ndi mbali ziwiri: kufa kwa munthu wakale ndi kuuka kwa munthu watsopano. Zitsitsimutso zambiri zimalalikira mbali yoyamba yokha, siya ichi, siya icho. Mayi uja amapita kwawo atasesedwa bwino koma m'kati muli mbee, ndipo Mateyu 12:43-45 akunena zimene zimachitikira nyumba yosesedwa yopanda wokhalamo. Pamenepo chitsitsimutso chimasanduka moto wa mapesi.

Muuzeni mlaliki wanu asalankhule za "machimo" mwachisawawa. Pa Luka 3:10-14 anthu atafunsa Yohane Mbatizi kuti tichite chiyani, iye adayankha gulu lililonse monga mwa ntchito yake: okhometsa msonkho asalipiritse mopitirira, asilikali asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Kuno kwathu ndiye kuti atchule ngongole ya ku banki mkhonde imene munthu akuizemba, katapila, ndowa yophwanyidwa m'mbali pogulitsa chimanga, kunyika mtedza m'madzi kuti ulemere pa sikelo, kusalipira aganyu amene adasankha fodya kapena kukumba mtedza (Yakobo 5:4 sabisa mawu pa nkhani imeneyi), konda ine, kuzunza mwana wopeza, ndi apongozi ndi mtengwa amene chaka chatha osapatsana moni koma onse amavala yunifolomu Lachinayi. Munthu akamva chinthu chake chikutchulidwa amadziwa pokonza.

Tsopano pa nkhani ya kuulula, pamene pamaonongeka zambiri. Lamulo lake ndi losavuta: kuulula kufike pamene tchimolo lidafika, kusapitirire. Cha mumtima, monga nsanje kapena chilakolako, munthu aulule kwa Mulungu (1 Yohane 1:9), ndipo akafuna womuthandiza kupemphera apeze mlangizi mmodzi. Cholakwira munthu wina, apite kwa mwini wakeyo pa awiri (Mateyu 5:23-24). Chimene chidachitika poyera n'kunyozetsa mpingo, chimenecho ndiye chimapita ku bwalo la akulu ampingo kudzera kwa mkulu wa dera lake kapena abusa. Palibe mwa zitatuzi chimene chikufuna zokuzira mawu.

Musalole kuti amayi azipatsidwa maiki kuti "achite umboni" wa machimo awo pamaso pa anthu mazana awiri. Mayi akanena pagulu kuti adagona ndi mwamuna wa mwini, waululanso za munthu wina amene palibe, wabaya mkazi wa bamboyo amene mwina wakhala pa benchi lachitatu, ndipo mwamuna wake akamvera nkhaniyo ku bawo dzuwa lisanalowe. Masiku ano palinso mafoni, wina amajambula n'kuponya pa WhatsApp. Madzi akatayika saoleka. Yakobo 5:16 akunena za kuululirana ndi kupemphererana, sakunena za chionetsero. Lengezani kuyambira tsiku loyamba kuti nthawi ya uphungu kujambula n'koletsedwa.

Ndiye mufunika alangizi okwanira. Mlangizi mmodzi asapitirire amayi asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, kutanthauza kuti pa amayi 100 mukhale ndi alangizi osachepera 13. Asankheni mwezi umodzi msonkhano usanafike, poyang'ana kusunga pakamwa osati kutalika kwa pemphero. Mayi amene amatulutsa nkhani za ku chilangizo asalowemo, ngakhale atakhala mkazi wa mkulu wampingo. Akhale amayi okhaokha monga pa Tito 2:3-5. Abusa kapena mlaliki wamwamuna akafunika, mlangizi wamkazi akhalepo, chitseko chili chotsekula. Malo ake akhale otalikirana, wina pansi pa mtengo wa mango, wina m'kalasi, moti mawu asamvekere kwa anzawo.

Mlangizi ayambe ndi kumvetsera osadula mawu ndi osafunsa za m'kati zimene sizikufunika. Kenako athandize mayiyo kutchula chinthucho ndi dzina lake, popanda "koma iyeyo ndi amene adayamba". Akatero awerenge naye lonjezo la chikhululukiro, Salmo 51 kapena 1 Yohane 1:9, mayiyo apemphere yekha ndi mawu ake. Pomaliza agwirizane chinthu chimodzi chokachita, kwa yani, ndi tsiku lake. Mphindi 20 mpaka 30 zimakwana kwa ambiri. Nkhani yolemera aipatse tsiku lina, asaithamangitse chifukwa mzere watalika.

Alangizi aphunzitsidwenso kuzindikira zinthu zimene si machimo, chifukwa amayi ambiri amabwera kudzalapa zimene adachitiridwa. Kugwiriridwa si tchimo la wogwiriridwa; pa 2 Samueli 13 wolakwa ndi Amnoni, osati Tamara. Kumenyedwa ndi mwamuna, kusabereka, kupita padera, kufedwa mwamuna, kubereka mwana wolumala, zonsezi si zolapa. Ophunzira atafunsa kuti adachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu adati si iye kapena makolo ake (Yohane 9:1-3). Mayi wotere kumuuza kuti "lapani, mugonjere, mupirire" ndi kumusenzetsa katundu wa mwini. Ngati akumenyedwa, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mlangizi amuperekeze, ankhoswe ndi abusa adziwe. Ngati nkhani ikukhudza mwana wosakwana zaka 18 amene akugonedwa kapena kukwatiwitsidwa, chinsinsi chimathera pomwepo. Mlangizi anene zimenezi poyambirira penipeni, kuti pasadzakhale woti adapusitsidwa.

Ya chigololo ndiyo yovuta kuposa zonse. Chibwenzicho chithe tsiku lomwelo, nambala ifufutidwe, mphatso zibwezedwe kapena zisiyidwe, ndipo mayiyo akayezetse magazi kuchipatala. Koma zoti akauze mwamuna wake usiku womwewo ali yekha, musamukakamize. Mlangizi ayambe wafunsa ngati bamboyo amamenya kapena amamwa, akambirane ndi abusa mayiyo atavomera, ndipo nthawi ikakwana pakhale munthu wachitatu. Ndinenenso pano kuti mpingo usamalange mkazi yekha chifukwa mimba ndi imene imaoneka. Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi adabwera kwa Yesu ndi mkazi yekha wogwidwa m'chigololo, chikhalirecho Levitiko 20:10 amatchula onse awiri.

Kubweza ndi kumene kumachiza mikangano mwatchula ija. Zakeyu adalonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi zimene adalanda monyenga (Luka 19:8). Levitiko 6 amati wobweza awonjezere limodzi la magawo asanu, ndiye wa K50,000 akadabweza K60,000. Ife sitili pansi pa muyeso umenewo ngati lamulo, ndipo kubweza sikugula chikhululukiro, koma mfundo yake ikadalipo: amene adaluza chifukwa cha iwe asapitirire kuluza. Amene sangathe kubweza zonse nthawi imodzi apite kwa mwini ndalama kapena ku gulu, avomere ngongoleyo, alembe papepala kuti azipereka zingati pa sabata kapena akagulitsa soya, ndipo apereke kangachepe tsiku lomwelo. Lonjezo la pakamwa lopanda tsiku ndi limene limabala mkangano wina. Wa miseche ali ndi maulendo awiri, kwa amene adamunenera ndi kwa amene adawauza, kukanena kuti zija zidali zabodza. Ulendo wachiwiriwu ambiri amauzemba. Ndipo amayi awiri audindo akakhala kuti sayankhulana, ayanjanitseni msonkhano usanayambe, monga Paulo adadandaulira Eodiya ndi Suntuke pa Afilipi 4:2. Amayi enawo amadziwa, ndipo sangamve za chikhululukiro kuchokera pa tebulo logawanika.

Zithumwa ndi mankhwala a kwa sing'anga mwini wake abwere nazo mwa kufuna kwake, zitenthedwe alangizi awiri alipo, monga a ku Efeso adatenthera mabuku awo (Machitidwe 19:19). Koma chenjerani ndi alaliki oyendayenda amene amaphatikiza ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu pa mulu womwewo. Wosiya ma ARV kachilombo kamachulukanso m'thupi ndipo mankhwala aja akhoza kudzaleka kugwira ntchito. Mugwirizane ndi mlaliki asanakwere pa gome kuti zimenezi ayi, komanso kuti saloza munthu aliyense kuti ndi mfiti. Kutchula munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, ndipo amene amavulala ndi agogo osauka.

Wophika kachasu akalapa, funso lotsatira ndi loti ana adya chiyani mwezi wamawa. Chigwirizano chikhale ndi kathumba komubwereketsa mpamba wa mandasi, zitumbuwa kapena tomato. Popanda zimenezo mbiya ibwerera pamoto, osati chifukwa choti adanama polapa.

Za kakonzedwe ndidutsa mwachangu. Nthawi yabwino ndi August kapena September, anthu atakolola, fodya wambiri atapita ku msika wa Chinkhoma, minda isanayambe kusoswa. June ndi July kumazizira kwa ogona m'kalasi. Ufa werengerani pafupifupi theka la kilogalamu pa munthu pa tsiku, ndiye amayi 100 masiku atatu ndi makilogalamu 150, kuwonjezapo nyemba, masamba, mchere, nkhuni ndi sopo. Ophika azisinthana, apo ayi amayi omwewo amathera ku khitchini chaka ndi chaka osamva mawu. Atsikana angapo aziyang'anira ana. Mukaika kusala kudya, oyembekezera, oyamwitsa, a shuga ndi onse omwa mankhwala tsiku ndi tsiku asasale, ndipo munene zimenezi pagulu kuti asachite manyazi.

Lachisanu phunzitsani za chiyero ndi chifundo cha Mulungu, osaitanira anthu kutsogolo. Loweruka m'mawa kulapa ndi kubweza, masana onse uphungu. Lamulungu moyo watsopano. Muike nthawi yowerenga Baibulo lenilenilo mokweza ndi kulitanthauzira m'magulu, poti ena sadziwa kuwerenga. Pa Nehemiya 8 amuna ndi akazi adamvetsera kuyambira m'mawa mpaka masana, Alevi akuwamasulira. Pa 2 Mafumu 22 chitsitsimutso cha masiku a Yosiya chidayamba ndi buku lopezeka m'kachisi, ndipo amene adakafunsidwa tanthauzo lake adali mayi, mneneri Hulida. Mayi wodziwa Mawu wa pa mpingo panu mupatseni phunziro limodzi. Kuchezera usiku wonse ndi makwaya ine sindikulimbikitsa, anthu amafika pa phunziro la m'mawa akusinza.

Msonkhano usanabalalike gawani amayi m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi monga mwa midzi yawo, gulu lililonse ndi mlangizi wake. Mlangizi ayendere aliyense amene adacheza naye sabata isanathe, afunse ngati chinthu adagwirizana chija chachitika. Magulu azikumana kamodzi pa sabata kwa miyezi iwiri, ola limodzi, kuwerenga ndime imodzi ya Luka, kupemphererana, basi. Wogwanso asathamangitsidwe pa gulu, ayenderedwe kachiwiri. Amene ali pa chilango cha mpingo auzidwe mosabisa kuti kupita kutsogolo sikuchotsa chilangocho, njira yake ndi ya ku bwalo, ndipo mlangizi amuperekeze kwa mkulu wampingo kuti asaope. Abusa muwauziretu kuti ayembekeze anthu otere.

Pakatha miyezi itatu komiti ikumane ndi alangizi kumva kuti magulu angati akukumanabe ndi ngongole zingati zatsekedwa. Kaundula amene mlembi asunge akhale ndi dzina, mudzi ndi dzina la mlangizi, osalembamo tchimo la munthu ngakhale mwachidule, chifukwa kope limagona m'nyumba momwe muli ana odziwa kuwerenga.